Galimoto Izikhala Yozima

"Ndiye mukuti izingokhala pabalaza pano ngati kabati?" anafunsa a Hutala, uku akumenya chishalo cha njinga yamoto ndi chikhatho. Fumbi linadzuka pa nsalu yofunditsa njingayo nkuyamba kuyandama m'kadzuwa kolowera pawindo.

Telala, mkazi wa mng'ono wawo, anali ataluma mapini atatu. Anayamba wawabaya kaye pa diresi lomwe ankasoka.

"Alamu, njingayo eni ake alipo. Awo akhala pakhomowo. Afunseni."

"Ndifunse ndani? Uyu?" A Hutala sanacheuke nkomwe. "Mng'ono wangayu anali munthu, sindikukana. Pa njinga panalibe wofanana naye dera lonse lino. Koma zimenezo zinapita, mlamu. Tiyeni tizikamba zomwe zilipo."

Liwiro anali pampando wake wanthawi zonse pafupi ndi chitseko, bulangete lili m'miyendo ngakhale kunkatentha. Panali patatha masabata asanu ndi limodzi chimugwetsereni sitiroko. Mbali yonse yakumanja inali itafa, pakamwa patakhotera kumodzi, ndipo mawu akati atuluke ankangosungunukira palilime. Dzina lakuti Liwiro anamupatsa ndi anthu omwe ankawanyamula pa njingayo, koma tsopano ambiri ankachita nalo manyazi, ankangoti "odwalawo". Makutu ake okha analibe vuto lililonse, ndipo izi ndi zomwe abale ankaiwala akalowa m'nyumbamo.

"Mwezi uno ukamatha ndibwera ndi galimoto, tidzailize, ipite kwanga," anapitiriza a Hutala. "Mkamwini wanga akungokhala. Aziyendetsa iyeyo, isachite dzimbiri. Katundu ameneyu ndi wa kubanja kwathu."

"Nanga kuchipatala tizipita pa chiyani? Anamwino a mafizo, owongola ziwalo aja, anati Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Anati miyezi yoyambirirayi ndiye ya phindu, ikangodutsa mkono ndi mwendo zimauma, osadzawongokanso. Wapansi ndi maola atatu, alamu. Ndiwabereke?"

"Ndinakuperekezani kale."

"Kamodzi."

"Galimoto yanga si ambulansi. Komanso tsiku limenelo mpando wanga unangoti noninoni ndi malovu, ndinachita kutsuka kawiri."

Telala anaona dzanja lamanzere la mwamuna wake likufinya bulangete. Mawu omwe anali asanawakonze anangotuluka okha.

"Ndiziwatenga ndine pa njingayo."

A Hutala anaphulika kuseka. Anthu anawapatsa dzina limeneli chifukwa galimoto yawo, yomwe inali yokhayo m'mudzimo, inkayamba kuliza hutala isanaoneke nkomwe, ndipo kuseka kwawo kunali chimodzimodzi, kosasamala kuti pali wodwala kapena wogona.

"Inu? Mlamu, kupalasa makina osokera si kuyendetsa njinga. Mukufuna mumalize mbali yatsalayi? M'nyumba muno mulibe woyendetsa, nkhani yonse ndi imeneyo. Akanakhalapo, ine sindikanadzivutitsa."

"Akanakhalapo mukanaisiya?"

"Ndikanaisiya, bwanji osaisiya? Ine si wakuba."

Mawu amenewa anawamvanso Watomato, mayi wogulitsa tomato wa nyumba yoyandikana, yemwe anaima pakhonde ngati wabwera kudzabwereka singano, chikhalirecho anadzera nkhani. A Hutala potuluka anasisita Liwiro pamutu monga amachitira ndi zidzukulu zawo, kenaka hutala inamveka ikupita mpaka kuseri kwa chigayo.

Vuto linali batire. Njingayo inali ya masiku ano, zopanda chopondera zija, zongodina kabatani, ndipo kukhala masabata onsewo osalira kunaimaliza mphamvu. Telala akatembenuza kiyi, kanyali kobiriwira kankangophethira kamodzi nkuzima. Mawa lake iye ndi Watomato ndi amayi ena awiri anaitulutsa, nkuikankha m'kanjira ka kuseri, kupita ndi kubwerera, mpaka mipango inagwa kumutu ndipo mmodzi anaduka patapata. Liwiro ankawaonera pakhomo akupukusa mutu. Njinga zamtunduwu batire likatheratu mafuta sakwera kupita ku injini, kaya muikankhe mpaka mawa. Anaibwezera pabalaza akupuma movutikira, Watomato akuti ng'ombe yakufa ikanapepuka.

Maphunziro anayamba masana a tsiku lomwelo, njinga ili chiimire pa mwendo wake wapakati. Dzuwa likafika pamutu, mudzi wonse uli zii, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe, Telala ankatseka chitseko, nkuvundukula njinga, nkukwerapo. Liwiro ankagwira rula yaitali yoyezera nsalu ndi dzanja lamanzere, ndipo rulayo ndiyo inkalankhula. Ikagogoda dzanja lamanzere la Telala ndiye kuti finya kalachi. Ikagogoda phazi lamanzere, ponda giya. Dzanja lamanja linali la moto, phazi lamanja la buleki. Telala akasiya kalachi mofulumira, Liwiro ankatsokomola dala nkugwetsera mutu kutsogolo ngati njinga yazima pakati pa anthu. Tsiku loyamba anachita zimenezi kasanu ndi kawiri, ndipo kachisanu ndi chiwiriko onse anaseka. Kanali koyamba kuti m'nyumbamo mumveke kuseka chigwere matenda.

Patapita masiku, manja ndi mapazi zinayamba kudziwa zokha, ndipo Telala anayamba kutsinzina. Akatsinzina, khoma la pabalaza linkatseguka pang'onopang'ono, kabati ndi makina osokera nkutsalira m'mbuyo, kutsogolo nkubwera msewu wofiira, wautali, wopanda munthu. Ankanena mokweza komwe afika kuti mwamuna wake adziwe.

"Tadutsa chigayo, bambo. Tsopano ndi pa mitengo ya mango paja. Kuli mbuzi kumanzere, ndaziona. Tafika pa mlatho wa matabwa."

Rula inkamugogoda pabondo.

"Chiyani? Ndachepetsa moto kale."

Rula inkagogodanso.

"Eya, dzenje lija. Pepani. Ndikhotere kumanja."

Liwiro ankadziwa dzenje lililonse la msewu umenewo, mwala uliwonse, galu aliyense wothamangitsa njinga, ndipo sankalola kuti mkazi wake alumphe ngakhale chimodzi. Ulendo wa kuchipatala ankauyenda wonse, osadula, ali pabalaza. Nthawi zina kamphepo kankalowera pansi pa chitseko nkugwedeza kalendala yapakhoma, ndipo Telala ankamva ngati ndi mphepo ya mumsewu ikumupita m'makutu. Akatsegula maso ankadabwa kupeza dzuwa litasuntha kuchoka pa tebulo kufika pa khoma.

Sabata yachiwiri anamukweza mwamuna wake kumbuyo. Inali ntchito ya thukuta, chifukwa mwendo wakufa umalemera kuposa wamoyo, koma anaukweza ndi manja awiri, kenaka anadzimangirira naye m'chiuno ndi nsalu ya makatani yomwe mwini wake anali asanabwere kudzatenga. Chibwano cha Liwiro chinatsamira paphewa pake, mpweya wake wofunda ukumupita m'khosi. Zaka zonse za ukwati wawo iye ndiye ankakhala kumbuyo, akuona msana wa mwamuna wake ndi kolala yothothoka ya jekete lake. Tsopano msana unali wake. Ankamukonda munthuyu, ndipo masana amenewo chikondicho chinkamuwawa kwambiri moti nthawi zina ankaiwala kunena komwe afika, nkungoyendabe ali chete, kupitirira chipatala, kupitirira malo onse omwe ankawadziwa, kukafika kwina kwa udzu wautali kumene kunalibe mlamu kapena namwino. Kumenekonso rula sinkagogoda.

Zosoka zinaunjikana. Mayi wina anabwera katatu kudzafunsa yunifolomu ya mwana wake, ndipo ulendo wachitatu anaima pawindo nkuona telala wake ali pa njinga yosalira, maso ali tsinzinu, mwamuna atamumangirira kumsana. Anabwerera osagogoda, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti kwa Liwiro matenda alowa mwa awiri.

Telala sanazitengere. Anali atamanga kale mfundo mumtima, ndipo tsiku lina akupukuta mwamuna wake kumaso anamuuza.

"Alamu adzailiza okha njingayi, ndi batire la galimoto yawo. Ikadzangolira, ine ndidzakwerapo anthu akuona, ndidzazungulire bwalo katatu. Ananena okha kuti woyendetsa akanakhalapo akanaisiya, ndipo Watomato anamva. Adzakana bwanji pagulu?"

Liwiro anagwedeza mutu kuvomera, mbali yamoyo ya pakamwa ikumwetulira. Kenaka nkhope inasintha. Analoza kiyi wa kabati yemwe anali patebulo, ndipo atamupatsa anamutembenuza m'malere, nkuyamba kung'ung'udza ngati injini, uku akupukusa mutu mwamphamvu. Anamutembenuzanso kiyiyo, nkukhala chete, nkuloza njinga, nkuvomera ndi mutu.

"Njinga ilire kenaka izime?"

Anapukusa mutu.

"Kiyi ndi wina?"

Liwiro anayesa kulankhula. Khosi linatupa mitsempha, milomo inanjenjemera, koma chomwe chinatuluka chinali mpweya ndi malovu. Anaponya kiyi pansi nkutembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanapite kulikonse.

Yankho linabwera Lachitatu ndi galimoto ya buledi, yomwe inkaima pa golosale kamodzi pa sabata. Dalaivala wake anali munthu wowonda, wokonda kutafuna kamtengo ka machesi, ndipo Liwiro ankamudziwa chifukwa anakumanapo kambirimbiri pamsewu. Telala anamudikira amalize kutsitsa makireti, kenaka anamufotokozera zonse, mpaka za kiyi wa kabati.

"Aa, akunena zoona amuna anuwo," anatero dalaivala, akuchotsa kamtengo pakamwa. "Akuti galimoto izikhala yozima. Mvetsetsani mayi. Batire la galimoto palokha ndi lokwanira kudzutsa njinga, mphamvu yake ndi yambiri kale. Koma injini ya galimoto ikamalira, imakankha moto woti kanjinga sikangaumeze. Pansi pa chishalo pali timabokosi ta magetsi, timapsa. Makamaka galimoto zokalamba ngati ya alamu anuyo, yomwe imatentha mababu ake omwe mwezi ndi mwezi."

"Ndiye mawaya amalumikiza bwanji?"

"Ali awiri, wofiira ndi wakuda, kumapeto kuli zopanira. Wofiira mupane pa batire la njinga pomwe pali kamtanda, mbali inayo pa kamtanda ka batire la galimoto. Wakuda mupane pa batire la galimoto pomwe pali kamzere, koma mbali inayo musaike pa batire la njinga, mupane pa chitsulo cha njinga chopanda penti. Zopanirazo zisakhudzane. Mudikire pang'ono, mudine kabatani. Ikalira, muchotse kuyambira womwe munamalizira. Basi. Ngakhale mwana atha."

"Ndiye bwanji osangondithandiza inuyo lero? Kwathu ndi apa."

Dalaivala anakanda m'mutu. "Batire ndili nalo, mtima ndili nawo, koma mawaya bwana amatsekera ku ofesi. Mukawapeza, Lachitatu likudzali ndidzafika pakhomo panu."

M'mudzi monsemo mawaya otero anali ndi munthu mmodzi. Telala anapita madzulo omwewo, anagwada pakhonde, nkupempha mwaulemu wonse womwe anali nawo. A Hutala anamvetsera akuchotsa nyama m'mano.

"Mawaya anga sagona kunja, mlamu. Mukufulumira chiyani? Loweruka ndi pafupi, ndibwera nawo ndekha."

Pobwerera anadzera njira yaitali kuti misozi iume asanafike kunyumba. Atalowa anatenga ulusi wofiira ndi wakuda, nkumangirira mapegi oyanikira zovala kumapeto kwake. Anachotsa chishalo cha njinga, naika bokosi la mabatani pampando kuti likhale batire la galimoto, ndipo anayeserera mpaka manja anazolowera: wofiira, wofiira, wakuda, chitsulo. Asanapane peg iliyonse yoyamba ankatembenukira kwa mwamuna wake nkunena kuti, "Galimoto yazima, bambo." Liwiro ankatseka maso ngati munthu amene wamwa madzi ozizira.

Loweruka m'mawa hutala inamveka kuchokera ku chigayo. Pamene galimoto inkaima pabwalo, anthu anali atayamba kale kusonkhana, ena atanyamula makasu, ena ndowa, Watomato ali patsogolo manja ali m'chiuno. A Hutala anatsika ndi mkamwini wawo, mnyamata wamkulu thupi wosalankhulalankhula, yemwe anali atavala kale chipewa cha njinga. Njinga anaitulutsa nkuiimika pafupi ndi galimoto. Telala anakokera mpando wa mwamuna wake pakhonde, nkumupatsa rula yake. Iye anali atavala buluku la Liwiro mkati mwa siketi.

A Hutala anatsegula boneti, natulutsa mawaya m'thumba la feteleza. Injini ya galimoto inali ikulirabe, ikunjenjemeretsa boneti yonse.

"Alamu," anatero Telala, "zimitsani kaye galimoto."

"Mwati?"

"Galimoto izikhala yozima. Ikamalira imatentha magetsi a njinga. Batire lokha ndi lokwanira."

A Hutala anayang'ana anthu aja ndi nkhope yoti tamvani izi. Choonadi chinali chakuti galimoto yawoyo ikazima inkavuta kudzuka, ndipo m'mawa umenewo anali atachita kuikankhitsa kunyumba kwawo anthu asanadzuke. Kuti aizimitse pano, pamaso pa mudzi wonse, kenaka apemphe amayi a ndowa kuti awakankhe, zimenezo sakanalola ngakhale atawalipira.

"Mlamu, ine ndinayamba kugwira chiwongolero inu mukuphunzira kulowetsa ulusi pa singano. Wakuuzani ndani zimenezo?"

"Eni ake a njinga."

"Uyu? Wakuuzani ndi pakamwa pati?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Liwiro anayamba kumenya rula pa mwendo wa mpando.

"Dalaivala wa buledi ananenanso chimodzimodzi. Alamu, ndapota nanu, ndagwira mwendo wanu. Mphindi ziwiri zokha."

"Iwe, pana mawayawo," anatero a Hutala kwa mkamwini wawo. "Ine ndiipatse moto kuti mphamvu ipite yambiri. Batire lakufa limafuna kulidzidzimutsa."

Analowa m'galimoto. Telala anagwira waya wofiira ndi manja onse awiri, koma mkamwini uja anati, "Pepani mayi," nkumuchotsa zala chimodzichimodzi mosavuta, ngati akusenda nthochi. Anapana mawaya onse. A Hutala anaponda moto, galimoto inabangula, utsi wakuda unatuluka kumbuyo, ana anatseka makutu.

Telala anatembenukira pakhonde. Liwiro anali atadzikoka mpaka kumapeto kwa mpando, rula itagwa, nkhope itafiira, pakamwa pakulimbana ndi chinthu chachikulu. Ndipo chinatuluka, chathunthu, chomveka, m'mawu ake akale aja oitanira anthu pa siteji.

"Zimitsa!"

Phokoso la galimoto linawameza mawuwo. Palibe anawamva kupatula mkazi wake, yemwe ankamuyang'ana pakamwa.

Mkamwini anadina kabatani, ndipo njinga inalira. Inalira bwino, mawu ake omwe aja, osalala, omwe Telala ankawazindikira ali kutali madzulo aliwonse. Nyali yakutsogolo inayaka kuyera mbee ngakhale kunali dzuwa, ikunka niwalirawalira. Kwa kanthawi kochepa Telala anaiwala zonse. Anaona bwalo litatseguka, anthu atapatuka, msewu wofiira uja uli pompo kuseri kwa mpanda, ndipo anakweza siketi nkuponya mwendo kuti akwere. A Hutala, pomva njinga, anapondanso moto mokondwa.

Nyali inati phu! Njinga inatsokomola kawiri nkukhala chete. Kuchokera pansi pa chishalo panatuluka kautsi kopyapyala, koyera, kakukwera mowongoka, ndi fungo la pulasitiki wopsa.

Mkamwini anadinanso kabatani. Anadinanso. Ngakhale kanyali kobiriwira kaja sikanaphethire. Anachotsa mawaya, nasuzumira, nagwira kabokosi kena nkubweza dzanja msanga.

"Zapsa, apongozi," anatero motsitsa mawu. "Mabokosi onse awiri. Izi ndi zoitanitsa kutali."

A Hutala anatsika, galimoto ikulirabe. Anazungulira njinga kamodzi, manja ali kumbuyo, naigogoda tayala ndi nsapato.

"Njinga imeneyi inali yowola kale. Ndimadziwa ine. Mwaisunga m'nyumba mpaka makoswe adya mawaya."

"Anakuuzani!" anakuwa Watomato. "Tonse tamva pano, anakuuzani kuti zimitsani!"

"Inu za tomato zatha?" A Hutala anapinda mawaya awo nkuwabwezera m'thumba. "Mlamu, paja mumaifuna. Ndi imeneyo, ndakusiyirani. Chitsulo ndikachite nacho chiyani ine? Musadzanene kuti ndinakulandani kanthu."

Mkamwini anavula chipewa, nachiika pa thanki ya njinga mwaulemu, osayang'ana munthu, nkukwera galimoto. Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Telala anapita pakhonde nkugwada pafupi ndi mpando.

"Mwalankhula, bambo. Ndamva ine. Mwalankhula."

Liwiro sanamuyang'ane. Maso ake anali pa kautsi kaja, komwe kanali kakutha, ndipo misozi inkatsika mbali zonse ziwiri za nkhope, yamoyo ndi yakufa yomwe. Telala anafuna kukondwa ndi liwu lija, anafunanso kulira njinga, ndipo zonse ziwiri zinamukanika. Anangotola rula nkuipukuta fumbi.

Lamlungu ndi Lolemba njinga inakhala pabwalo pomwepo, nkhuku zikukwera pa chishalo. Telala anamaliza yunifolomu ija, anasoka madiresi awiri. Akaweramuka pa makina ankaona mkono wa mwamuna wake uli pabulangete, zala zitayamba kupindikira mkati, ndipo ankawerenga masabata omwe anatsala.

Lachiwiri kutangocha anagogoda kwa Watomato.

"Tandithandizani kukweza abambo."

"Pa chiyani, anzanga? Njinga yake iti?"

"Matayala sanapse."

Anamukhazika pa chishalo, pilo ali pa thanki kuti atsamirepo chifuwa, phazi lakufa atalimangirira pa chopondapo, dzanja lamoyo litagwira nyanga ya njinga, chiwongolero chake. Telala anamuveka chipewa, naima kumanzere, nagwira nyanga zonse ziwiri nkukankha. Njinga inayenda. Inali yolemera koopsa, ndipo asanafike pa chigayo msana unali utanyowa kale, koma inkayenda.

Anthu a m'njira ankaima kuwayang'ana. Wina pa njinga yakapalasa anafunsa kuti, "Mafuta atha, mayi?" ndipo Telala anati, "Atha," osaima. Dzuwa linakwera. Mapazi anatentha, mapewa anachita dzanzi, ndipo kawiri konse njinga inapendekera mbali yakufa ya Liwiro moti anachita kuikoka ndi mphamvu zonse. Sankanena komwe afika, chifukwa mpweya wolankhulira panalibe.

Atayenda maola awiri anafika pamwamba pa chitunda. Kutsogolo msewu unkatsetsereka ulendo wautali, wokhotakhota pang'ono, pakati pa minda yokololedwa, mpaka kukathera m'chigwa komwe kunali nkhungu yopyapyala. Telala anaima akupuma. Kukankha pamtsetse woterewu sikukanatheka, njinga ikanamukoka. Anayang'ana mwamuna wake, ndipo Liwiro anadzisunthira kumbuyo ndi dzanja lake limodzi, nkusiya malo kutsogolo.

Anachotsa pilo, nakwera, namanga nsalu m'chiuno mwa onse awiri mfundo ziwiri. Anachotsa phazi limodzi pansi, kenaka linalo.

Poyamba njinga inadzandira, nyanga zikugwedezeka uku ndi uku, ndipo Telala anakuwa. Kenaka inawongoka yokha. Inayamba kutsika mwakachetechete, popanda injini, popanda utsi, kumangomveka matayala akunong'ona ndi mchenga. Mphepo inamulowa m'manja mwa bulauzi nkuumitsa thukuta lonse. Mitengo inkabwera nkudutsa, minda inkatembenuka pang'onopang'ono, mbalame zinadzuka m'mbali mwa msewu nkuuluka nawo limodzi kanthawi. Maso anali otsegula, ndipo zonse zinali zenizeni. Paphewa pake anamva milomo ya Liwiro ikunjenjemera, kenaka phokoso, loyamba motsika nkumakwera: mwamuna wake ankaliza injini ndi pakamwa, akusintha ndi magiya omwe. Amayi ena otola nkhuni anaweramuka kufunafuna njinga yomwe ikulira modabwitsa chonchi.

M'chigwa msewu unagona. Njinga inayamba kufooka, inayenda pang'ono, pang'ono, mpaka inaima yokha pafupi ndi kamtsinje. Telala anatsitsa mapazi. Injini ya paphewa nayo inazima. Kutsogolo kunali chitunda china, chachitali kuposa chija, ndipo denga la chipatala linkaoneka kakang'ono pamwamba pake, likunyezimira. Anamwino a mafizo ankatseka chitseko dzuwa likafika pamutu, ndipo mthunzi wa njinga unali utafupika kale.

Anamasula nsalu, natsika, nabwezera pilo pa thanki. Anayang'ana chitundacho, nayang'ana mwamuna wake.

"Bambo, sindikudziwa ngati tikapeze asanatseke. Mwina tikangopsa ndi dzuwa pachabe. Titani?"

Liwiro anatsamira pa pilo, nagwira nyanga. Pakamwa panalimbana kanthawi, ndipo Telala anadikira, osamuthandiza.

"Kankha."

Telala anaseka mpaka anagwira pamimba, misozi ikutsika.

"Miyezi iwiri muli chete, mwapeza mawu awiri okha, onse olamula!"

Anapukuta m'maso ndi mkono, nagwira nyanga zonse ziwiri, naweramira kutsogolo, ndipo matayala anayamba kukwera.